Mtima wa a Bong Ukana Kuthamanga

A Bong Man-sik anagwa m'chikondi ali ndi zaka 71, koma mtima wawo sunamve n'komwe. Cholakwa chinali kapiritsi koyera kamene dokotala anawapatsa chaka chatha mtima utawavuta. Munthu akasangalala kapena akachita mantha, thupi limatuma uthenga kuti mtima uthamange. Kapiritsiko kamaima pakhomo n'kubweza uthengawo, mtima n'kumagunda mofatsa, magazi osathamanga. Zabwino ndithu. Kungoti manja amazizira ngati nsomba ya mufiriji, ndipo ukadzuka mwaphuma nyumba yonse imazungulira.

Masana aliwonse a Bong ankakwera sitima ya pansi pa nthaka kupita kuholo yovinira okalamba mumzinda wa Daegu, kachitini ka khofi wotentha kali m'thumba. Ankafunditsa manja asanagwire dzanja la Mayi Ok, mayi wamasiye wa nsapato zofiira. Akamavina nawo, ankaiwala dziko lonse. Koma wotchi yowerenga kugunda kwa mtima, imene mwana wawo anawagulira, inkangoti 58.

Lachinayi lina Mayi Ok anaiona. "Eee, 58? A Bong, mukuvina ndi ine kapena mukuwodzera?" Anaseka mpaka kupukuta misozi.

A Gong, mnzawo wa a Bong wopaka tsitsi mankhwala akuda, anamva zonsezi. Nyimbo itatha anabwera akumwetulira. "Achimwene, mwatha basi. Loweruka mayiwa asankha wovina naye pampikisano. Ine ndikangowaona wanga umafika 110. Inu ndi mtima wanu wa kambawo mudzatisungira majekete."

Zinawapweteka a Bong. Mpikisanowo analibe nawo ntchito, koma kuti Mayi Ok aziganiza kuti sawakonda, chifukwa cha wotchi? Ayi. Lachisanu m'mawa kapiritsi sikanalowe m'kamwa, kanalowa m'thumba la malaya. Loweruka chimodzimodzi.

Tsiku limenelo anafika kuholo opanda khofi, manja ali juu kutentha okha. Pachifuwa pankamveka di di di ngati wina akugogoda chitseko. Nyimbo isanafike pakati, wotchi inati 104. Atazungulira kawiri, 118. A Bong anasangalala ngati mwana wakhoza mayeso, nakweza mkono kuti a Gong aone bwino.

"Mayi, taonani! Awatu si mabodza. Wathamanga chifukwa cha inu!"

Mayi Ok anaima pomwepo. Sanaseke. Anagwira manja otenthawo, kenako anayang'ana thukuta lili kamukamu pamphumi.

"Mapiritsi anu ali kuti?"

A Bong anapisa m'thumba mwamanyazi n'kutulutsa tiwiri.

"Kamodzi. Osati tonse, kamodzi. A Gong, madzi, msanga!" A Gong anathamanga kuposa mmene anavinirapo chibadwire.

Atawakhazika pampando, Mayi Ok anawayimbira okha foni dokotala, kenako anakhala pambali pawo. "Amuna anga ankamwa omwewa," anatero. "Anasiya okha, akuti akuwatopetsa, sakutha kukwera phiri ndi anzawo. Mankhwalawa sasiyidwa mwadzidzidzi, mtima umalusa. Sabata sinathe ndinali nditavala zakuda."

A Bong anasowa poika nkhope. "Ndimangofuna muone kuti..."

"Ndinaona kale, inu. Ndi mwamuna uti amayenda ndi khofi m'thumba miyezi isanu osamumwa?"

Anakhala choncho, anzawo akuvina, maso onse anayi ali pawotchi. Patapita nthawi inayamba kutsika: 110, 97, 84. Nambala ikatsika Mayi Ok ankawomba m'manja, a Bong n'kumaseka chopusa, a Gong akung'ung'udza kuti dziko lapita pati. Manja aja anayamba kuziziranso, a Bong n'kufuna kuwabisa m'thumba. Mayi Ok anawagwira zolimba.

"Asiyeni momwemo, ndiziwafunditsa ndine. Koma ikadzadutsanso 60 ndili pafupi, a Bong, ndikavina ndi a Gong."