Lole ya Amayi Ovina

Mpaka lero munthu akandiyamikira kuti ndili ndi mawu abwino, mtima umandiwira. Abwino chiyani? Mawu omwewa ndi amene anandisiya ndikupuma fumbi la choko ku Neno kuno.

Chinali chaka cha 1983. Ine Stelia ndinali nditabwera ndi digiri kuchokera ku Zomba, n'kumaphunzitsa masamu. Yunivesite ina ya ku America inandilonjeza malo a digiri yachiwiri, koma inati ndiyambe ndalemba mayeso amene aliyense wofuna maphunziro otere amalemba, aja ongodetsa timabwalo ndi pensulo n'kukachongedwa ndi makina. Ankalembetsa ku Blantyre, Loweruka limodzi lokha. Kuphonya limenelo, malo anga apatsidwa wina. Ndinawerenga mpaka maso kufiira, kuloweza mawu achingerezi oti ngakhale mzungu sawalankhula.

Sabata ya mayesoyo, basi osabwera. Galimoto iliyonse inali itatengedwa ndi chipani, poti Loweruka lomwelo kunali msonkhano waukulu ku Blantyre ndipo amayi amakavina. Ndinaima pa Boma tsiku lonse, ngakhale thirakitala osadutsa.

Ndiye ndinati nanga lole ya amayiyo sikupita ku Blantyre komweko? Ndikwera nawo, tikakafika ndikazemba. Ndinabwereka nsalu ya chipani kwa alamu anga, Lachisanu n'kukaima pamzere.

A Mailesi, tcheya wa amayi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Aphunzitsi, lero mwatikumbukira? Ife timayesa digiri imaumitsa chiuno."

Amayi onse kuseka. Ine ndinangokwera loleyo, n'kukadzipanikiza pakona.

Tikutsika mapiri kulowera ku Lisungwi, anayamba kuyeserera nyimbo. Mayo ine! Woyambitsa anali ndi chimfine, mawu ngati chitseko chopanda mafuta, ndipo ovomera aliyense njira yake. Ine ndinakulira m'kwaya ya kutchalitchi, zoterezi zimandipweteka m'mano. Ndinapirira mpaka ndinalephera. Ndinangoitola nyimboyo kamodzi kokha, kuti imveke poyambira.

Lole yonse inavomera bwino, nthungululu n'kulira. A Mailesi anawomba m'manja.

"Eee! Chuma chotere tinachisiya m'kalasi? Mawa woyambitsa ndi uyu. Chaka chino amayi ovina a ku Mwanza aona zakuda!"

Pofika pa Zalewa ndinali nditayambitsa nyimbo zonse, thukuta lili kamukamu, ndikudzitukwana mumtima.

Ku Blantyre anatigoneka m'kalasi ya pasukulu ina ya pulayimale. Kutacha ndinanyamula kathumba kanga kuti ndipite kuseri. Amayi awiri ojintcha anadzuka nane. Kuchimbudzi ali pambuyo, kumpopi ali pambuyo. Eti woyambitsa nyimbo sasiyidwa yekha, amagulu ena angamupatse madzi othira mankhwala mawu n'kutseka. Ngakhale tiyi wanga ankayamba alawa iwo.

Dzuwa likukwera, ine ndikudziwa kuti anzanga akulowa muholo ya mayeso. Ndinawakokera pambali a Mailesi, n'kugwada pansi.

"Amayi, ndithandizeni. Ndili ndi mayeso m'mawa uno, m'tauni momwemuno. Ndi tsogolo langa lonse. Ndikalemba ndibwera."

Anayang'ana uku ndi uku, kenako anandigwira mkono molimba.

"Mwana iwe, ukuti mayeso aposa msonkhano wa chipani? Sindinamve. Ndipo upemphere kuti khoma ili nalonso silinamve. Bambo ako ndi okalamba, ukufuna akawatenge anyamata a chipani a malaya ofiira aja? Dzuka, manga nsalu bwinobwino."

Nanga ndikanatani? Ndinadzuka, n'kumanga nsaluyo.

Tinakhala pabwalo la msonkhano dzuwa likutiswa mitu, kudikira alendo olemekezeka. M'mawa wonse sitinachite kanthu! Nthawi yonse ya mayeso ndinaithera nditangokhala pa udzu, alonda anga awiri akutafuna chinangwa. Nthawi yathu yovina itakwana, mayeso anali atatha kalekale. Ndinaimba ndi ukali, misozi ikutsika, ndipo amayi ankati taonani mmene nyimbo yamukhudzira mwanayu.

Tinabwerera Lamlungu. Malo aja ndinadziwa kuti apita, sindinafunenso kuuzidwa ndi munthu.

Kunyumba ndinapeza bambo anga, a Gerishon, atakhala pakhonde ndi amuna anzawo, wailesi ili pamwendo. Za mayeso sankazimvetsa kwenikweni, ankangodziwa kuti ndapita kutauni pa zinthu zofunika. Atandiona anaimirira, nkhope ili ngwee.

"Ndi ameneyu! Tinakumva pa wailesi dzulo, mudzi wonse unasonkhana pano." Anatembenukira anzawo aja. "Munkandiseka kuti ndikutaya ng'ombe zanga pophunzitsa mwana wamkazi. Nanga lero?"

Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Mwana wanga, sukulu yako yaoneka phindu tsopano."