Mapesi a m'munda mwa Manesi

Munda wa Manesi unali wonyansa m'maso, ndipo zimenezo ku Dzoole kunalibe wotsutsa. Anzake akakolola ankaunjika mapesi n'kuyatsa moto, minda n'kutsala mbee ngati pabwalo posesa. Iye ayi. Mapesi ake ankawagoneka pansi, n'kuwonjezerapo zotsalira za soya ndi mtedza. Anthu ankati ndi ulesi wa umasiye. Manesi ankangoti, "Eya, ndine mlesi," n'kumapitiriza ulendo wake.

Chonsecho munda umenewu, wa pamtsetse wa phiri, malemu amuna ake anausiya uli katondo wofiira wongomera kaufiti. Zaka zinayi zophimbira mapesi zinausandutsa dothi lakuda, ndipo nkhokwe yake inayamba kufika mu Malichi isanathe.

Mu Seputembala Manesi anaterereka pamwala pochokera kotunga madzi, mwendo n'kuthyoka. Anagona m'chipatala masabata atatu. Adokotala anamuuza kuti khasu aliiwale chaka chimenecho, koma iye sanade nkhawa. Munda wophimbira sufuna mizere. Umangoboola timayenje n'kuponya mbewu, ntchito yotheka ngakhale mwendo uli m'chikhakha.

Tsono amayi a kumpingo kwawo ali ndi mwambo wabwino: mnzawo akadwala, amapita kukamusosera munda. Mtsogoleri wawo, Mayi Roza, anali munthu wa mtima wabwino ndi manja ofulumira, ndipo munda uja unkamuyabwa kuyambira kalekale.

Tsiku lotuluka m'chipatala, Manesi ali pa njinga yamoto ya kabaza, anaona utsi ukufuka pamtsetse paja.

"Achimwene, musapite kunyumba. Khoterani kumundako!"

Anapeza amayi khumi ndi awiri akuimba nyimbo ya m'buku, zitenje zili zomanga m'chiuno. Chigawo chakumtunda chinali chitapsa kale, phulusa lokhalokha. Mayi Roza anali ndi chikuni m'manja, akulowera kumunsi.

"Mayi Roza! Tayani chimenecho!"

Nyimbo inaduka. Manesi anatsika ndi ndodo zake, akutsimphina, misozi ya ukali ili m'maso.

"Mwatuluka, anzathu? Ife timati mupeze poyera," anatero Mayi Roza. "Zinyalalazi zimabweretsa chiswe."

"Chiswecho ndiye aganyu anga. Tabwerani kuno, mupise dzanja apa."

Mayi Roza anagwada monyinyirika, n'kukankha mapesi. Kunali kotentha koti mwala sungaupondenso, koma dothi limene anatapa linali lozizira, lakuda bii, lonunkhira ngati mvula yangodutsa. Munali timayenje ta chiswe ndi tizidutswa ta mapesi ofumbwa.

"Chimanga chimadya m'dothi," anatero Manesi. "Ife timangotenga chitsononkho ndi njere zake, zambiri zimatsala m'phesi. Chiswe chimadya phesilo n'kulowa nalo pansi, mvula ikabwera nyongolotsi zimamaliza, ndiye chakudya chija chabwerera kwawo. Chimanga cha chaka chamawa chidzadya chimanga cha chaka chino. Nkhuku zanga nazo zimanenepa ndi chiswe chomwecho, zitosi ndimabweza konkuno."

"Nanga phulusali si manyowa?" anafunsa mayi wina kumbuyo.

"Pang'ono, amayi. Koma mphepo ya mawa ikalipereka kwa eni dambo. Moto uja unakuwambani kumaso, eti? Limene lija ndi dzuwa la dzinja lonse, chimanga chinalisunga m'mapesi. Likanadyetsa tizilombo ta m'dothi mpaka chaka chamawa. Mwalithamangitsa m'mawa umodzi."

Kenako mawu ake anatsika, chifukwa mantha anali atamugwira tsopano. "Kumtundaku kwatsala pambalambanda. Mvula yoyamba idzakokolola zonse, zaka zinayi kupita kumtsinje. Ine mizere sindingaunde ndi mwendo uwu. Ana anga adzadya chiyani?"

Mayi Roza anazimitsa chikuni chija pokwirira ndi dothi, n'kunyamuka osatsanzika. Enawo anamutsatira mmodzimmodzi, ndipo Manesi anaganiza kuti wataya munda ndi abwenzi omwe.

M'mawa mwake ali pakhonde, anamva nyimbo yomwe ija ikuchokera kuseri kwa phiri. Anadzikoka mpaka pa mpanda. Amayi aja anali pamzere, aliyense mtolo wa mapesi pamutu, mitolo yaikulu yobisa nkhope. Anali mapesi a m'minda mwawo, amene anaunjika kale kuti awotche. Masiku atatu anatuta, Manesi atakhala pampando m'mphepete mwa munda, akuloza ndi ndodo.

"Apo mwachepetsa! Dothi lisaoneke!"

Ndipo amayi amene dzana ankamutcha mlesi ankangoti, "Chabwino, aphunzitsi."

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala, yamatalala. Madzi otsika m'minda yoyandikana anali ofiira ngati thobwa la mawere. Ochokera m'munda mwa Manesi anali ochepa, oyera, oyenda mwaulemu. Iye anaima pamenepo atanyowa thupi lonse, akumwetulira yekha, ndipo ananyada mosabisa.

Koma chimene sadzaiwala chinachitika atakolola. Akudutsa panjira, chikhakha atachotsa kale, anaona a Elifala, amuna a Mayi Roza, atawerama pa mulu wa mapesi, machesi ali m'manja. Mayi Roza anatulukira akuthamanga, mpango uli pakhosi.

"Abambo! Mukufuna kuthamangitsa dzuwa langa? Bweretsani machesiwo!"

A Elifala anayang'ana kumwamba, kumene dzuwa linali phee pamalo pake, kenako anayang'ana akazi awo.

"Dzuwa lake liti?"

"Kafunseni aphunzitsi, si awo ali panjirawo."

Manesi anakonza chitenje chake bwinobwino, n'kukhotera m'mundamo.