Linga la Makapu a Khofi

Zaka zisanu ndi ziwiri zotsatizana, Radisav wa ku Pirot, m'dziko la Aserbia, anagonja pa nkhondo imene agogo ake anapambana, ndipo zinkamuwawa ngati kamwala mu nsapato.

Chaka chilichonse kumapeto kwa Juni ankakwera basi n'kudutsa malire kupita ku Dragoman, m'dziko la Abulgaria, kwa mnzake Tsvetan, atanyamula bokosi la tiasilikali ta mtovu tokulungidwa m'thonje. Kumeneko madoda awiriwa ankayala nsalu yobiriwira patebulo, kutambasula riboni kuti ikhale mtsinje wa Bregalnitsa, kuimika phiri la pepala, n'kuyambanso nkhondo ya 1913: Radisav ndi Aserbia ake, Tsvetan ndi Abulgaria ake, tepi yoyezera ndi madayisi zili pakati. Anthu akuluakulu, imvi mbuu, kutsutsana mpaka thovu kukamwa pa nkhani yoti mzinga wafika pa phiri la pepala kapena waperewera ndi chala chimodzi! Koma ubwenzi wawo wa zaka makumi atatu unali womwewo. Sanakumbatiranepo, chikondi chawo chinali m'kunyozana.

Chaka chino Radisav anabwera atamanga mfundo. Nyengo yonse ya chisanu anali akuyeserera yekha kubisa asilikali apakavalo kuseri kwa phiri.

Nevena, mwana wa Tsvetan, anamuchingamira pageti. Anamunong'oneza kuti mutu wa bambo ake wayamba kutaya zinthu, moti tsiku lina anafunsa za mayi ake omwe anamwalira kalekale. Mwezi wa Seputembala awatenga kukakhala nawo ku Varna, m'kanyumba kosakwana tebulo lotere.

"Masewera awa ndi omaliza, amalume," anatero. "Koma musawamvere chisoni moonekera. Amazindikira."

Radisav analunjika m'nyumba. Koma atalowa, Tsvetan anamulandira ndi mawu a masiku onse, akuti anthu a ku Pirot ndi oumira moti ngakhale chipolopolo amachiwombera kawiri. Radisav anabweza kuti Abulgaria amadziwa kuthawa okha basi. Anamwa khofi, n'kuima aliyense mbali yake, ndipo Radisav anaganiza kuti Nevena wangokokomeza.

Maulendo atatu oyamba oponya madayisi anayenda bwino. Ulendo wachinayi, Tsvetan anatola kamsilikali kake kokondedwa, ka ndevu zopotana, kamene anakapenta poyang'ana chithunzi cha agogo ake. Anakawolotsa riboni. Anawolotsanso gulu lonse, mmodzimmodzi, n'kuwandandalika phewa ndi phewa ndi Aserbia, onse atayang'ana kumapeto kwa tebulo kumene kunalibe kanthu.

"Sendeza anyamata ako pang'ono, achimwene," anatero Tsvetan mofatsa. "Mizinga ikuluikulu ili ndi iwe. Yamba ndiwe kugumula linga, ife tilowa pambuyo."

Radisav anamuyang'ana nthawi yaitali asanamvetse. M'mutu mwake, mnzakeyo anali atabwerera m'mbuyo miyezi ingapo nkhondo ya Bregalnitsa isanachitike, ku mzinda wa Odrin, Aserbia ndi Abulgaria asanadane, pamene agogo awo ankazinga limodzi linga la Sultani, mfumu imene inali mdani wa onsewo.

Madayisi anali m'manja mwa Radisav. Apakavalo ake anali kuseri kwa phiri, ndipo Abulgaria onse anali atawapatsa msana. Lamulo lawo linali loti msilikali ukamusiya m'manja, wayenda basi, ndipo amene ankaliumirira kwambiri zaka zonsezi anali Radisav yemweyo. Tisabise, anafuna kuponya. Anafunitsitsa, mpaka manyazi anamugwira. Mwayi wina sudzabweranso, ndipo adzafa ali wogonja kasanu ndi kawiri.

Anaika madayisi pansi. Anatola makapu awiri a khofi aja ndi mbale ya shuga, n'kuzisanja kumapeto kopanda kanthu kuja. Kenako anatembenuza mizinga yake, umodziumodzi, kuilozetsa ku makapu.

"Linga ndi limenelo," anatero. "Koma ukachedwa ngati masiku onse, ndilowa ndekha."

Anamenya nkhondo masana onse. Tsvetan ankayeza ndi tepi, Radisav n'kumagwira mbali inayo. Mbale ya shuga inalimba kwabasi, inafuna maulendo asanu. Kapu yomaliza itagubuduka, Tsvetan anaseka mpaka kutsokomola, nati sanaonepo Mserbia wowombera molunjika chonchi. Nevena anabwera ndi buledi wa tchizi, anaima pakhomo, n'kubwerera naye kukhitchini.

Dzuwa litapendeka anayamba kulongedza. Tsvetan anagwira riboni ija kuti aikulunge, ndipo anaima. Anaiyang'ana, nayang'ana phiri la pepala, nayang'ana makapu. Nkhope yake inasintha ngati ya munthu amene wadzuka m'nyumba ya eni.

"Riboni iyi ndi ya Bregalnitsa," anatero chapansipansi.

Radisav anapitiriza kukulunga asilikali m'thonje.

"Unali ndi apakavalo kuseri kwa phiri. Ndinawaona, nkhalamba yoipa iwe."

"Akavalo anali otopa," anayankha Radisav, maso ali m'bokosi.

Tsvetan sanatsutse, koyamba m'zaka makumi atatu. Anatola kamsilikali ka ndevu zopotana kaja, nakapukuta ndi chala, n'kukaika m'bokosi la Radisav. Radisav anati waphonya bokosi, lake ndi linalo. Tsvetan anapukusa mutu. Anati ku Varna kulibe tebulo, ndipo posachedwa adzakayang'ana osadziwa kuti ndi ndani.

"Koma usamuike kumapeto," anatero. "Amazizidwa msanga. Umuike pakati pa anyamata ako."

Radisav anachotsa Mserbia mmodzi pakati pa mzere, nagoneka agogo a mnzake pamenepo, nawafunditsa thonje. Kenako anatseka bokosilo. M'basi, kondakitala anamuuza kuti aike bokosi pamwamba ndi katundu wina. Iye anakana, nalifungatira pamiyendo mpaka ku Pirot.