Benchi ya Pakhonde

Pepala la pangano linali litakwinyika m'manja mwa mwana wamkazi wa telala, poti kuyambira m'mawa anali ataliwerenga kakhumi. Panali patatha sabata bambo ake ataikidwa m'manda, ndipo kushopu yawo ya lendi kunalibe wapabanja amene anapondako.

"Amalume, mfundo zake zili pawiri," anatero akuzungulirazungulira pabalaza. "Zing'onozing'ono, monga kuswa galasi, timangolipira basi. Koma shopu ikatsekedwa sabata yathunthu, eni nyumba amalanda makiyi. Sabatayo ikukwana lero."

"Misozi sinaume, iwe ukuganiza za mashini?" anakalipa amalumewo. "Ukufuna anthu atiseke?"

"Akatilanda shopu, anthuwo adzatidyetsa?"

Amayi a mtsikanayo anaimirira. Anangovala nsapato, natenga makiyi pamsomali.

Mtsikanayo anawatsatira ulendo wa kushopu, pepala lija lili m'manja. Eni nyumbawo anali mayi wosaseka ndi munthu, ndipo iye ankawaopa zedi. Atakhota pakona, anaima chilili. Chitseko cha shopu chinali chotsegula, benchi ili pakhonde, ndipo bambo wina wogulitsa makala anali atakhalapo, thumba lake atalitula pambali. M'katimo eni nyumba ankapukuta fumbi pamashini osokera.

"Mwayamba kale kulanda, mayi?" anafunsa mtsikanayo.

"Mwana iwe, pepala umawerenga mbali imodzi? Talitembenuza," anayankha eni nyumbawo.

Kuseri kwake kunali zolemba za bambo ake, zilembo zopendama zija: "Benchi izituluka pakhonde m'mawa uliwonse, wotopa akhalepo. Iyi ndi mfundo yaikulu." M'munsi munali masiginecha awiri.

"Tsiku limenelo ndinawaseka," anatero eni nyumbawo. "Koma anakana kusaina zanga mpaka ine nditasaina yawoyi. Ndiye ndiphwanye pangano ndi munthu woti sangabwerenso kudzandifunsa? Ndakhala ndikutsegula ndi kiyi wanga m'mawa uliwonse. Shopuyi sinatsekedwepo ayi."

Mtsikanayo analira, ndipo sanabise. Bambo ake ankawadziwa ngati munthu wa singano ndi ulusi, za benchiyi ankangoti n'chizolowezi chabe.

Amayi ake anapita kukakhala kumapeto kwa benchi. Wamakala uja ataona nsalu yakuda anafuna kunyamuka, koma iwo anamugwira pamkono.

"Khalani, bambo," anatero. "Anaikira inu."