Kwawo kwa Madamu Morag

Tusekile sanaonepo nyanja yamchere, koma chilumba cha Skarvay ankachidziwa kuposa misewu ya ku Fourways, ku Joni, imene anaiponda zaka khumi ndi zinayi. Anachiphunzira akupesa tsitsi la Madamu Morag, mzungu wokalamba amene ankawasamalira. Madamuwo anabadwira kumeneko, kumadzulo kwa Sikotilandi, ndipo miyendo itawakana, mphamvu zonse zinasamukira pakamwa. Masana alionse nkhani inali yomweyo. Matanthwe akuda oima njo m'madzi, mphepo yoti mwana amachita kumumanga chingwe m'chiuno akamasewera panja, mbalame za milomo yofiira zokumba mauna ngati mbewa, ndi mzere wa nyumba zamiyala zimene ankatchula eni ake mmodzimmodzi, mpaka mayi waulesi wa kunyumba yomaliza.

"Dziko lopanda mtengo, madamu, nanga nkhuni mumatola kuti?" ankafunsa Tusekile.

"Timakumba dothi n'kuliyanika. Limayaka bwinobwino."

Tusekile ankangovomera. Mumtima ankati azungu nawo akakalamba bodza saliopa.

Koma panali mawu amene madamu sankawanena moseka. Kuseri kwa tchalitchi cha pachilumbapo kuli manda, ndipo pakona pagona mlongo wawo Iain, amene anagwa kuthanthwe akutola mazira a mbalame. "Ukandiike pamenepo, Tusi, pambali pake." Kwawo kwa Tusekile ku Karonga, wodwala akakuuza pokamuika ndiye kuti wakusenzetsa katundu. Iye anausenza osafunsa kulemera kwake.

Madamu anamwalira Lachiwiri m'mawa, tiyi wawo asanazizire. Tusekile anawatseka maso, anawamanga chibwano ndi mpango, kenaka anaimbira foni Callum, mwana wawo yekhayo. Bamboyu ankakhala pompano pa Midrand, koma kubwera kwake kunali kwa kamodzi pamwezi, kiyi wa galimoto ali m'manja. Tsikulo anafika ndi anthu a vani yoyera, ananyamula thupi, n'kumapita.

Tusekile anayamba kukonza ulendo. Anasita juzi ya madamu ya ubweya, poti ankati kwawoko n'kozizira. Anailongedza m'sutikesi pamodzi ndi Baibulo lawo. Atatero anaimbira amayi Nancy, mtsogoleri wa mvano kumpingo wawo wa Amalawi ku Joubert Park, poti nyumba ya maliro singakhale zii ngati mwalowa akuba.

M'mawa mwake amayi khumi ndi awiri anatsika takisi pageti la esiteti ya nyumba kumene madamu ankakhala, atavala zoyera zawo. Mlonda anatambasula dzanja, n'kuwauza m'Chizulu kuti salowa popanda nambala yachinsinsi yotsegulira geti.

"Akungenwa lapha without i-code, bomama."

Tusekile anaimbira Callum, ndipo Callum anati sakudziwapo kanthu. Amayiwo anaima panja pa mpanda wamagetsi n'kuimba nyimbo ziwiri zokha, magalimoto akudutsa pang'onopang'ono, magalasi akukwera. Potsazika amayi Nancy anamukokera Tusekile pambali.

"Asisi, maliro amenewa alibe eni?"

Manyazi anamugwira Tusekile.

Lachisanu Callum anabwera ndi kabokosi kofiirira, kakukula ngati paketi ya shuga, n'kukaika patebulo la kukhitchini.

"Thupi linyamuka liti, bwana? Zovala zawo ndalongedza kale."

Callum anayang'ana kabokosiko. "Amayi ndi awa, Tusi."

Tusekile anangopezeka wakhala pansi pa matailosi. Zoti azungu ena amawotcha maliro ankazimva ndithu, koma osati awa, munthu amene anatchula manda ake tsiku ndi tsiku.  Mokwiya, anamuuza Callum za Iain, za pakona kuseri kwa tchalitchi, zonse zimene mwana wobala akanazidziwa akanakhalako pansi masana amodzi okha.

Callum sanakangane naye. Anatulutsa foni n'kumuonetsa zithunzi za kampani ina ya maulendo. Chilumbacho chinalipodi. Matanthwe omwe aja, mbalame zomwe zija, kukongola kwake koti munthu n'kuiwala kupuma. Koma nyumba zamiyala zinali zopanda madenga, m'zipinda mwamera udzu. Anamufotokozera kuti anthu omaliza anasamuka zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi zapitazo. Masiku ano boti limapitako miyezi itatu yokha pachaka, nyanja ikalola, kukatsitsa alendo oti ajambule mbalame, awerenge chikwangwani cha mbiri yakale, n'kubwerako tsiku lomwelo. Pachithunzi china mtsikana wa jekete yachikasu anakhalira mwala wa pamanda, akudya buledi.

"Kulibe wotilandira, Tusi. Kulibe aliyense."

Mawu amenewa ndi amene anamupweteka kwambiri. Mayina onse aja, mpaka mayi waulesi uja, anali a anthu oti anapita kalekale. Madamu ankadziwa, koma sananenepo. Mudzi wopanda ngakhale munthu mmodzi wokumba manda, Tusekile anali asanaumvepo chibadwire.

Callum anapitiriza kuti nyumba ya madamu yagulitsidwa, iye akusamukira ku Australia mwezi ukatha, ndipo phulusalo aliwaza pa maluwa a kuseri. Tusekile anali ataona kale ogulawo akuyeza bwalo ndi chingwe. Pa maluwapo pankabwera malo oimikapo magalimoto.

"Ndipatseni ine," anatero.

Ankayembekezera kuti akana, kapena ayamba wazengereza pang'ono, chifukwa ndi mayi ake. Callum anakankhira kabokosiko kwa iye nthawi yomweyo, nkhope itamasuka ngati ya munthu wotula mtolo wa nkhuni.

Tusekile sanali wopusa. Ankadziwa kuti mapepala ake ndi ovuta ngakhale pa Beitbridge pomwe, ndiye ndani angamulole kukwera ndege ya ku Sikotilandi? Komabe anakulunga kabokosiko m'chitenje chake chatsopano, anakakwera takisi ya m'tauni, n'kukaika pamiyendo. Kwawo maliro akamayenda amauzidwa njira, kuti mwini wake asasokere.

"Tatuluka pageti, madamu," ananong'ona. Patapita nthawi anawerama kachiwiri. "Pano ndi pa Randburg."

Mayi wina amene anakhala naye pafupi anamuyang'ana chammbali, n'kumufunsa m'Chizulu kuti akulankhula ndi ndani. "Ukhuluma nobani, sisi?"

"Ndi amayi," anayankha Tusekile, ndipo mayiyo anasendera kuwindo.

Anawauza za Rosebank, za mlatho wodutsa pamwamba pa njanji, za phokoso la ogulitsa pafupi ndi Park Station kuti asadzidzimuke nalo. Ku fulati kwawo ku Joubert Park lifiti inali yakufa monga mwa masiku onse, choncho anakwera masitepe mpaka nsanja yachisanu ndi chitatu, akuwauza nsanja iliyonse. Chipinda chake n'chogawana ndi banja lina, pakati pali katani. Anapukuta fumbi pamwamba pa wadirobu, pambali pa chikwama chimene anagula zaka zisanu ndi zinayi zapitazo kuti adzapitire kumudzi, ndipo anaika madamu pamenepo.

Panatsala mawu amodzi, amene wonyamula maliro amanena pomaliza, akuti tafika.  Koma zaka khumi ndi zinayi Tusekile sanawanamizepo madamu, ngakhale za mankhwala owawa.

"Sitinafike, madamu," anatero, misozi ikutsikira m'khosi. "Pano tangopuma."