Chingwe Chachiwiri

Anzake ankamutcha Nalimata. Ankatsuka magalasi a nyumba zosanja atalendewera pa zingwe ziwiri, chogwirira ntchito ndi chopulumutsira. Chachiwiricho chinkamutopetsa. Galasi la pakona likakana kufikika, ankachimasula. Kamphindi chabe. Bambo ake ankateronso pomanga madenga, mpaka tsiku limene sanabwerere kunyumba.

Tsopano mwana wake wamkazi, atamaliza maphunziro a zingwe, ankafuna kulowa gulu lomwelo la otsuka magalasi. Kapitawo sanachulutse mawu: watsopano sakwera popanda wamkulu womuonera mfundo za zingwe. Nalimata akavomera, mtsikanayo akwera. Akakana, basi.

Nalimata anafuna kudziwa kaye chinthu chimodzi. Anamutenga mwanayo ulendo kwa mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, amene ankayeza magazi kuchipatala.

"Alamu, tandiuzani. Kusaopa kumayenda m'magazi?"

"Mwadzera zimenezi? Ine ndimati mwadwala." Mlamuyo anavula magolovesi. "Muubongo muli mankhwala otchedwa serotonini. Ntchito yake ina ndi kuthandiza munthu kudikira kaye asanachite chinthu. Tingoti mabuleki. Mmene amagwirira, mbali ina timatengera kwa makolo."

"Ndiye ndiyezeni. Uyunso mumuyeze."

"Mukuyesa ndi malungo? Sizioneka choncho. Ofufuza eni akewo akadakanganabe."

Anatsegula kabati n'kutulutsa mabaluni otonthozera ana oopa jakisoni. Anati ofufuzawo ali ndi kamasewera kofanana ndi aka: lalikulu ndiye lapambana, koma likaphulika waluza.

Nalimata anauzira lofiira. Linakula, linakula, phuu! Anatenga lina. Phuu! Nesi wina anasuzumira pakhomo, kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuchoka.

"Bambo, mapapowo asungeni," anaseka mtsikanayo.

Lake loyamba linaphulikanso. Nalimata anamuyang'anitsitsa. Magazi omwewo. Ngakhale kutsinzina pouzira, ndendende agogo ake.

Mtsikanayo anatenga lachiwiri. Asanaliike pakamwa anatembenuka.

"Amayi aang'ono, likafika mundiuze. Pandekha sindisiya, ndimadzidziwa."

Anauzira. Anauziranso.

"Basi!"

Masaya anali atatupa kale ndi mpweya wina. Anaumeza, n'kumanga baluniyo. Linali lalikulu ndithu.

Nalimata analitenga, kulitembenuza, kulidina ndi chala. Zaka zonsezi ankayesa kuti mabuleki munthu amabadwa nawo kapena ayi. Zoti n'kubwereka a mnzako, sizinamufikepo m'mutu.

"Ndiye watengera kapena sanatengere?"

"Pakamwa ali napo, mufunseni," anatero mlamuyo akutola zidutswa pansi. "Ndipo tulukani, anthu ali pamzere."

M'mawa mwake anali padenga onse awiri. Mphepo inkawomba malaya. Nalimata anakoka mfundo za mwana wake imodzi imodzi, kenako n'kuyambiranso.

"Muzithatu ndi maso, bambo. Bweretsani zanu."

Lamulo linkatero, kuti wina aone za mnzake. Nalimata anatambasula manja ngati mwana wovekedwa malaya.

Anatsika. Thovu, mpira wopukutira, galasi mbee. Magalimoto pansi ngati nyerere. Dzuwa litakwera anafika pakona paja. Galasi linatsala pang'ono, chikhatho chimodzi. Dzanja la Nalimata linapita lokha pa ngowe ya chingwe chachiwiri.

"Basi!"

Mtsikanayo sanasiye n'kupukuta komwe.

Dzanjalo linakhala pa ngoweyo kanthawi. Nalimata analiyang'ana modabwa, ngati la munthu wina. Kenako analichotsa, n'kuyamba kukwera kukasuntha zingwe padenga, njira yaitali ija.

"Ukauze kapitawo kuti wandichedwetsa ndiwe," anakuwa.