Achemwali Anga ndi Minibasi ya Ayuba

Mwamva kale eti? Pa Kachulu ponse akunong'onezana kuti achemwali anga a Elenala ali pachibwenzi ndi Ayuba, kondakitala wa dzino lobenthuka uja. Akuti umboni wake ngwoti m'mawa uliwonse amakakhala m'minibasi yake ikudikira anthu, ikati idzaze iwo n'kutsika. Ine kuseka mpaka misozi! Dikirani ndikuuzeni, poti ndimagona nawo mphasa imodzi.

Achemwali amakagulitsa matemba ku Zomba. Tsiku lina ali m'minibasi mtima unangoyamba kugunda ngati ng'oma, thukuta kamukamu, mpweya kubanika. Ankaona ngati akufa. Kuyambira apo akangomva "Zomba! Zomba!" ankangobwerera kunyumba osakwera. Matemba anayamba kuchita nkhungu m'thumba, mayi n'kulalata kuti bizinesiyo aipereka kwa alamu athu. Azakhali anati ndi ziwanda. Amalume anati awalodza anzawo a pathandala poyanika nsomba.

Kuchipatala anawayeza malungo, magazi, mtima, zonse bwinobwino. Adokotala atawafunsa mafunso ambirimbiri anati ndi matenda a nkhawa: thupi limachita mantha ngati laona njoka pomwe njokayo palibe. Ndipo amachizika! Ena amalandira mankhwala, koma achemwali anawauza kuti azikacheza ndi aphungu a kuchipatalako. Aphunguwo anawaphunzitsa kupuma mofatsa mtima ukayamba zake, komanso kuizoloweranso minibasi pang'onopang'ono, kuyamba ndi yoima.

Ndiye chibwenzi chija ndi chimenecho!

"Achemwali, lero mupita kapena mwadzangofunditsa mpando?" ankatero Ayuba.

"Iwe taitana anthu, zanga zisiye."

Lachiwiri lapitali ndinawaperekeza ndi thumba lija. Minibasi inadzaza thothotho. Ayuba anagwira chitseko n'kuwayang'ana. Ndinawamva achemwali akutulutsa mpweya, fuuu.

"Tseka," anatero achemwali.

Ine kudumpha, kululutira, mpaka patapata imodzi inakagwera m'matope! Madzulo anabwera thumba lili pepuu. Akuti panjira mtima unayambanso, koma anapirira mpaka unakhazikika wokha. Kwa aphungu akupitabe. Za alamu zija mayi sanazitchulenso.

Koma amayi a pathandala aja akuti tsopano awiriwo ayamba kuthawitsana masanasana. Nanga inuyo mukuti bwanji, ndikawauze zoona, kapena ndiwasiye ayambe kusoketsa zovala za ukwati?